Magetsi a fusion m'dziko la mawa: kuyerekeza njira zisanu

Mwana wa mchemwali wanga, amene akumaliza digiri ya uinjiniya wa zamagetsi, adandifunsa tsiku lina kuti, "Amalume, ngati n'zoona kuti kutsogoloku mizinda idzawala ndi moto wofanana ndi wa dzuwa, makina amene adzagwire ntchitoyo ndi ati, kuti ndidziwiretu koloza maphunziro anga?" Funso limeneli si la ophunzira okha. Amalifunsanso anthu amene amalangiza maboma pa mapulani a magetsi a zaka 30 kapena 40 zikubwerazo, amene ali ndi ndalama zoti aike m'makampani atsopano, ngakhalenso alembi amene akufuna kujambula dziko la m'chaka cha 2070 m'njira yokhulupirika. Onsewa ayenera kusankha, ndipo nkhani zimene zimamveka kwambiri, za kutentha kwa madigiri mamiliyoni ndi za masekondi amene makina ena aposa nawo anzawo, siziwathandiza kwenikweni.

Malo a nyukiliya amene akupanga magetsi lero, monga a Koeberg pafupi ndi Cape Town, amaswa maatomu olemera a yureniyamu. Njira imene akatswiri amaitcha fusion imachita zosiyana: imaphatikiza maatomu opepuka kwambiri kuti akhale atomu imodzi, ndipo pophatikizanapo pamatuluka mphamvu yochuluka. Yosavuta kwambiri kuphatikiza ndi mitundu iwiri ya haidrojeni, deuterium ndi tritium, komabe nayonso imafuna kutentha kopitirira madigiri 100 miliyoni, pamene pakati pa dzuwa pamatentha pafupifupi madigiri 15 miliyoni. Ukatentha chotero mpweya umasanduka plasma, chinthu chimene palibe mphika ungachisunge, chifukwa chikangokhudza khoma chimazizira, khomalo n'kuwonongeka. Njira zonse zimene ndikuziyerekeza pano zikulimbana ndi vuto limodzi, lopeza kagwiridwe ka chinthu chotere kwa nthawi yokwanira kuti chibweze mphamvu yoposa imene yalowa pochitenthetsa.

Miyeso yoyezera

Njira iliyonse ndiiyeza pa mfundo zinayi. Yoyamba ndi mtengo, ndipo popeza padakalibe makina a fusion amene adagulitsapo magetsi ngakhale yuniti imodzi, ndiyang'ana ndalama zimene zalowa kale komanso chimene chimakweza mtengo wa makinawo. Yachiwiri ndi kupezeka, kutanthauza makina amene alipodi ndi zimene achitadi pamaso pa anthu. Yachitatu ndi kasamalidwe: chimene chimatha msanga, amene angachikonze ndi kutalika kwa nthawi imene makina amakhala atazima pokonzedwa. Yachinayi ndi zoopsa, pa miyoyo ya anthu komanso pa ndalama zawo. Kwa ine yachitatu ndiyo yolemera kuposa zonse, pakuti makina odula amene amagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha pachaka amapanga magetsi a mtengo wowirikiza.

Pali mavuto awiri amene njira zinayi zoyambirira zimasenzera limodzi, ndipo ndi bwino kuwatchuliratu. Loyamba ndi la tritium. Deuterium ndi wosasowa, chifukwa pa maatomu pafupifupi 6,500 alionse a haidrojeni wa m'madzi, imodzi ndi deuterium. Tritium ndiye wosowa zedi, ndipo amadzithera yekha, theka lake limakhala litatha pa zaka 12.3 zilizonse. Amene alipo pa msika amachokera makamaka ku malo a nyukiliya a mtundu wa CANDU ku Canada ndi ku South Korea, ndipo yense pamodzi ndi makilogalamu makumi ochepa chabe, pamene malo amodzi otulutsa mamegawati 1,000 a kutentha kwa fusion angamadye makilogalamu oposa 50 pachaka. Choncho makina alionse ayenera kumadzipangira okha tritium kuchokera ku lithium woikidwa m'khoma lozungulira motowo, limene akatswiri amalitcha bulangete. Pa pepala masamu ake amatheka, koma padakalibe makina amene adasonyezapo kuti angadzidyetse okha motero. Miyala ya lithium ilipo yambiri, ngakhale ku Bikita ku Zimbabwe amaikumba, koma mtundu umene umabala tritium mosavuta, lithium-6, ndi magawo 7.5 okha pa 100 alionse, ndipo mafakitale osefa mtundu umenewu ndi ochepa kwambiri.

Vuto lachiwiri ndi la manyutroni, tizidutswa ta atomu timene timathawa ndi magawo anayi mwa asanu a mphamvu yonse. Maginito sangatigwire, kotero timakamenya khoma n'kulitenthetsa, ndipo kutentha kumeneko ndiko kumawiritsa madzi kuti nthunzi ipukuse magetsi monga zimachitikira pa malo oyendera malasha. Koma kumenyedwa kosalekezako kumafooketsa chitsulo mpaka kuyamba kuthetheka, komanso kumachisiya chikutulutsa cheza choopsa. Malo oyesera zitsulo pa manyutroni amphamvu chotere, otchedwa IFMIF-DONES, akumangidwa kumene pafupi ndi Granada ku Spain.

Njira yoyamba: tokamak yaikulu ya maboma

Tokamak ndi chipinda chooneka ngati nkhata yosenzera mtsuko, chozunguliridwa ndi maginito amphamvu amene amagwira plasma m'malere kuti isakhudze khoma. Nzeru yake idachokera kwa Igor Tamm ndi Andrei Sakharov ku Soviet Union kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Pamene a ku Moscow adalengeza mu 1968 kutentha kumene makina awo a T-3 adafika, ambiri sadakhulupirire, mpaka akatswiri a ku Culham ku Britain adapita ndi zipangizo zawo kukayeza okha chaka chotsatira n'kutsimikiza. Kuyambira pamenepo ndalama zambiri za kafukufuku zakhala zikupita ku tokamak.

Mtengo: Chitsanzo chachikulu ndi ITER, imene ikumangidwa ku Cadarache kummwera kwa France ndi European Union, China, India, Japan, South Korea, Russia ndi United States, potsatira pangano la mu 2006. Poyamba ankati idzadya mayuro pafupifupi 5 biliyoni, koma mtengowo udakwera kupitirira 20 biliyoni, ndipo mu July 2024 mkulu wa ntchitoyi, Pietro Barabaschi, adalengeza kuti pafunikanso ena pafupifupi 5 biliyoni. Chokweza mtengo ndi kukula kwake: makinawo adzalemera matani 23,000, ndipo maginito ake, opangidwa ndi mawaya okhala ndi niobium, ayenera kuziziritsidwa mpaka madigiri 269 pansi pa ziro, pamtunda wa mamita ochepa kuchokera pa moto wa madigiri 150 miliyoni. Niobium ndi mwala womwe uja umapezekanso ku Kanyika m'boma la Mzimba.

Kupezeka: Apa tokamak ilibe mnzake, chifukwa zamangidwa zambiri m'maiko ambiri. JET ya ku Culham, imene idagwira ntchito kuyambira 1983 mpaka kumapeto kwa 2023, idatulutsa mamegajulo 69 m'masekondi asanu kuchokera ku deuterium ndi tritium wolemera mamiligalamu 0.2 okha. Kuti timvetse bwino, mphamvu imeneyo ndi yofanana ndi mayunitsi 19 a pa mita ya kunyumba, ndipo yotenthetsera imene idalowa inali yoposa pamenepo. EAST ya ku Hefei ku China idagwira plasma masekondi 1,066 mu January 2025, WEST ya ku France n'kufika masekondi 1,337 mwezi wotsatira, koma zonsezi zinali zopanda tritium. ITER ikuyembekezeka kuyamba kafukufuku mu 2034 ndi kuyatsa deuterium ndi tritium mu 2039. Cholinga chake ndi kutulutsa mamegawati 500 a kutentha kuchokera pa 50 olowa mu plasma, ndipo sidzapanga magetsi konse. Britain idasankha malo a West Burton, pamene panali makina a malasha, kuti imangepo STEP, yoti idzapereke magetsi cha m'ma 2040.

Kasamalidwe: Pansi pa chipindacho pali ngalande yotchedwa divertor, imene imalandira phulusa la fusion, lomwe ndi mpweya wa helium, ndi kutentha kofika mamegawati 10 pa sikweya mita imodzi. Amaikuta ndi tungsten, chitsulo chosungunuka pa madigiri oposa 3,400, komabe imatha ndipo iyenera kusinthidwa. Tritium akangogwiritsidwa ntchito munthu salowanso m'katimo, zonse zimachitidwa ndi manja a maloboti oyendetsedwa ndi munthu amene wakhala m'chipinda china akuyang'ana pa kanema. Ku JET adaphunzira luso limeneli kwa zaka zambiri, mpaka kumasula ndi kumanga mabawuti mwa njira yomweyo. Chovuta n'chakuti maginito amakoloweka chipindacho ngati mphete za unyolo, kotero zidutswa zolemera matani ambiri ziyenera kudutsa pa timakomo topapatiza, ntchito imene ingatenge miyezi.

Zoopsa: Tokamak singaphulike ngati bomba kapena kusungunuka ngati zidachitikira pa malo a nyukiliya a ku Chernobyl, chifukwa m'chipindamo mumakhala magalamu ochepa okha a mpweyawo, ndipo chilichonse chikalakwika moto umangozima. Choopsa chake chili pa makina eniake. Plasma ya tokamak imanyamula nyesi yaikulu, ku ITER idzafika maampeya 15 miliyoni, ndipo ikasokonekera mwadzidzidzi mphamvu yonseyo imagwera pa khoma m'kuphethira kwa diso, n'kutha kusungunula zitsulo. Pa miyoyo ya anthu, chofunika kusamala ndi tritium, amene amalowerera m'zitsulo ndipo akasakanikirana ndi madzi amatha kulowa m'thupi. Pa ndalama, choopsa ndi kuchedwa, monga zidaonekera mu 2022 pamene ming'alu idapezeka m'mapaipi oziziritsira zotchinga kutentha za ITER, zidutswa zoikidwa kale n'kuyamba kuzulidwanso.

Njira yachiwiri: tokamak yaing'ono ya maginito atsopano

Nzeru yake ndi yomweyo, koma maginito ndi ena. Amapangidwa ndi tepi yopyapyala ngati riboni, yokutidwa ndi kansalu ka mankhwala otchedwa REBCO, imene imanyamula nyesi popanda kutaya mphamvu ngakhale pa kuzizira kocheperako, ndipo imapirira mphamvu ya maginito yoposa ya mawaya akale. Maginito akawirikiza mphamvu kawiri, fusion yotuluka m'chipinda cha kukula komweko imatha kuwirikiza pafupifupi ka 16, ndiye chifukwa chake makina angathe kuchepa kwambiri.

Mtengo: Kampani ya Commonwealth Fusion Systems, imene idatuluka mu yunivesite ya MIT ku United States mu 2018, idasonkhanitsa madola 1.8 biliyoni mu 2021 itangosonyeza maginito ofika matesla 20 (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito). Ndalama zimenezi ndi zochepa poyerekeza ndi za ITER, ngakhale kuti tepiyo ndi yodula ndipo makina amodzi amafuna makilomita zikwizikwi a tepi.

Kupezeka: Makina awo oyesera, SPARC, akumangidwa ku Devens ku Massachusetts, ndipo adalengeza kuti malo oyamba ogulitsa magetsi, ARC, a mamegawati 400, adzakhala ku Chesterfield County ku Virginia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2030. Tokamak Energy ya ku Britain ikutsata maginito omwewa. Chimene chatsimikizika ndi maginito, pamene mphamvu yotuluka yoposa yolowa idakali lonjezo.

Kasamalidwe: Pano pali kusinthanitsa kumene otsatsa sakonda kukutchula. Kuchepetsa makina sikuchepetsa moto, kumangoupanikiza pa khoma laling'ono, kotero khoma ndi divertor zimapsa msanga. Yankho limene lili pa mapulani a ARC ndi maginito otha kutseguka, kuti chipinda chonse chamkati chizitulutsidwa ngati mphika n'kuikapo china, komanso bulangete la mchere wosungunuka m'malo mwa zidutswa zolimba. Nzeruyi ndi yabwino, koma mcherewo umadya zitsulo ndipo uli ndi beryllium, amene ndi wapoizoni.

Zoopsa: Kusokonekera kwa plasma kuliponso, ndipo maginito amphamvu chotere amadzikankha okha ndi mphamvu yoti ingang'ambe chitsulo. Komanso makampani amadalira anthu oika ndalama, amene angatope ngati masiku olonjezedwa adutsa kawiri kapena katatu.

Njira yachitatu: stellarator

Lyman Spitzer wa ku Princeton adaiganiza mu 1951, tokamak isadatchuke. Nayonso ndi nkhata, koma yopotoka ngati chingwe cha khonje, ndipo kupotokako kumachitidwa ndi maginito akunja okha, kotero plasma siyenera kunyamula nyesi yaikulu. Ndivomereze kuti mtima wanga uli pa njira imeneyi, chifukwa ndi yokhayo mwa za maginito imene chibadwa chake ndi kuyaka mosalekeza, monga momwe malo opangira magetsi amafunikira.

Mtengo: Wendelstein 7-X ya ku Greifswald ku Germany idadya mayuro opitirira pang'ono biliyoni imodzi tikaphatikiza nyumba ndi malipiro a zaka zonse zomanga. Chodula ndi maginito ake 50 opindikapindika, amene ayenera kupangidwa ndi kuikidwa mosaphonya ngakhale pang'ono. Ku Princeton komweko ntchito yomanga stellarator yotchedwa NCSX idaimitsidwa mu 2008 mtengo utakwera pa chifukwa chomwechi.

Kupezeka: Zazikulu ndi zochepa, makamaka Wendelstein 7-X, imene idayatsa plasma yoyamba mu December 2015, ndi Large Helical Device ya ku Toki ku Japan, imene idayamba mu 1998. Mu February 2023 ya ku Greifswald idagwira plasma kwa mphindi zisanu ndi zitatu. Palibe stellarator imene idayatsapo deuterium ndi tritium, kotero pa mfundo imeneyi ili m'mbuyo mwa tokamak ndi mbadwo wathunthu wa makina. Makampani monga Proxima Fusion ku Munich ndi Type One Energy ku United States akuyesa kufupikitsa mtundawo pogwiritsa ntchito tepi ya REBCO ndi makompyuta amakono owerengera maonekedwe a maginito.

Kasamalidwe: Kuyaka mosalekeza kumateteza zitsulo ku kutentha ndi kuzizira kobwerezabwereza kumene kumazitopetsa. Koma malo a pakati pa plasma ndi maginito ndi opanikizika komanso okhotakhota, ndipo kulowetsamo bulangete lokwanira, kenako n'kumalisintha ndi maloboti, ndi ntchito yovuta kuposa ya mu tokamak.

Zoopsa: Kugwa kwadzidzidzi kwa plasma kumene kumaopseza tokamak kuno n'kochepa kwambiri. Choopsa chenicheni ndi nthawi, chifukwa njirayi ikhoza kukhala yabwino koposa koma n'kufika ena atatenga kale msika.

Njira yachinayi: kuwomba ndi laser

Apa palibe maginito. Kambulu ka deuterium ndi tritium wouma ndi kuzizira, kakang'ono ngati njere ya mapira, kamaikidwa m'kachitini ka golide, ndipo malaser 192, makina otulutsa kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi, amakawomba nthawi imodzi, n'kukafinya mwamphamvu kotero kuti fusion imachitika kasadabalalike.

Mtengo: National Ignition Facility ya ku Livermore ku California idamalizidwa mu 2009 pa madola pafupifupi 3.5 biliyoni. Idamangidwa makamaka kuti United States iziyesera sayansi ya zida zake za nyukiliya popanda kuphulitsa mabomba, osati kuti ipange magetsi. Kambulu kalikonse kamapangidwa mosamala ngati ndolo ya mtengo wapatali, pamene malo opangira magetsi angafune kuwomba pafupifupi kakhumi pa sekondi iliyonse, kutanthauza timibulu toposa 800,000 patsiku, tilitonse totsika mtengo kwambiri.

Kupezeka: Njira imeneyi ndiyo idayamba kudutsa malire amene onse ankawafuna, otulutsa mphamvu yoposa imene yalowa. Pa 5 December 2022 malaser adapereka mamegajulo 2.05 ndipo kambuluko kadabweza 3.15, ndipo kuyambira pamenepo abwerezapo kangapo, nthawi zina ndi zotuluka zochulukirapo. Komabe tiyeni tiwerengenso ndi mita ya kunyumba. Mamegajulo 3.15 sakwana ndi yuniti imodzi yomwe, pamene kuti malaserwo awombe adakoka magetsi pafupifupi mamegajulo 300, omwe ndi mayunitsi oposa 80. Malaser amenewo ndi a luso lakale, amakono amataya mphamvu yochepa, koma phompho lake likadali lalikulu. France ili ndi makina ofanana nawo, Laser Mégajoule, pafupi ndi Bordeaux.

Kasamalidwe: Ubwino wake ndi wakuti zida zodula, malaserwo, zimakhala kutali ndi moto, ndipo chipinda chamkati chingathe kukhala chosavuta, mwinanso chotetezedwa ndi madzi a chitsulo oyenderera pa khoma. Koma magalasi omaliza amene kuwala kumadutsamo amayang'anizana ndi kuphulika kulikonse ndipo amawonongeka, komanso chipinda chiyenera kuyeretsedwa utsi ndi zinyenyeswa kusanafike kuwomba kotsatira.

Zoopsa: Kupatula za tritium, pali vuto la ubale wake ndi zida zankhondo. Zina mwa nzeru zake ndi zinsinsi za maboma, ndipo wophunzira wochokera kunja angapeze makomo ena otseka.

Njira yachisanu: makina othawa tritium

Makampani ena adaona mavuto a tritium ndi manyutroni n'kusankha kuwalambalala. Helion ya ku Everett ku Washington ikufuna kuphatikiza deuterium ndi helium-3, mtundu wopepuka wa helium, ndi kutenga magetsi mwachindunji kuchokera ku kukankha kwa plasma pa maginito, popanda nthunzi. TAE Technologies ya ku California, imene idayamba mu 1998, ikulinga pa haidrojeni ndi boron.

Mtengo: Ngati zitatheka, iyi ingakhale yotsika mtengo koposa, chifukwa sifuna bulangete lalikulu kapena makina a nthunzi. Kupezeka: Mu 2023 Helion idasainirana ndi Microsoft pangano lopereka mamegawati 50 pofika 2028, koma zotsatira za makampani amenewa zimene akatswiri ena adaziunika poyera ndi zochepa poyerekeza ndi za tokamak. Helium-3 ndi wosowa kwambiri padziko, kotero Helion iyenera kumadzipangira yokha pophatikiza deuterium ndi deuterium, ndipo kuchita zimenezo kumatulutsanso manyutroni ndi tritium. Kasamalidwe: Khoma lingakhalitse, koma zida zosungira ndi kutulutsa nyesi yaikulu mobwerezabwereza ndizo zimatopa. Zoopsa: Sayansi yake ndi yolimba zedi, pakuti haidrojeni ndi boron zimafuna kutentha kwa madigiri oposa biliyoni imodzi, ndipo pa kutentha kotero plasma imataya mphamvu yambiri ngati kuwala. Mbiri nayo imatichenjeza. Mu 1958 Britain idalengeza kuti makina a ZETA afika pa fusion yeniyeni, patapita miyezi yochepa n'kubweza mawu. Mu 1989 Martin Fleischmann ndi Stanley Pons adalengeza ku Utah za fusion yochitika m'botolo pa kutentha wamba, ena atayesa n'kulephera kuipeza, ndipo mu 2014 Lockheed Martin idalonjeza makina aang'ono m'zaka zochepa amene sadaoneke.

Njira iti, kwa yani

Kwa mlangizi wa boma la dziko limene likusowa magetsi lero, palibe mwa njira zisanuzi imene iyenera kulowa m'mapulani a zaka 20 zikubwerazi, ndipo chifukwa chake si kuchedwa kokha. Magetsi onse amene Malawi amapanga safika mamegawati 1,000, ndipo tidaona mu January 2022, namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira, mmene kutayika kwa mamegawati pafupifupi 130 kudagwetsera dziko lonse mumdima wa maola ambiri patsiku. Makina amodzi a mamegawati 400 amene angazime mwadzidzidzi, kapena kutsekedwa miyezi ingapo kuti asinthe khoma, ndi katundu woposa mutu wa dziko lotere. Fusion ikadzafika kuno idzabwera kudzera m'mawaya a Southern African Power Pool, mgwirizano wogawana magetsi wa maiko a kummwera kwa Africa, monga chingwe cholumikiza Matambo ku Tete ndi Phombeya ku Balaka, kotero ndalama za lero ziyenera kupita ku mawaya amenewo, ku madzi, ndi ku dzuwa ndi mabatire monga za ku Salima ndi ku Golomoti, zimene zimamangidwa m'zaka zochepa.

Kwa dziko lolemera limene lili ndi mafakitale a zitsulo, a feteleza kapena osefa madzi a m'nyanja ya mchere, komanso nyengo yozizira imene dzuwa silioneka, tokamak ndiyo ili ndi umboni wokwanira kuikapo ndalama za boma, ndipo n'kwanzeru kupatula gawo lina la stellarator, chifukwa zambiri zimene zingaphunziridwe pa bulangete, pa tritium ndi pa maloboti zidzagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Malamulo nawo ayamba kukonzedwa: mu 2023 Britain ndi United States adasankha kusayang'anira fusion ndi malamulo okhwima a malo oswa yureniyamu, ndipo zimenezi zidzachepetsa mtengo ndi nthawi yopezera chilolezo.

Kwa woika ndalama zake, tokamak yaing'ono ndiyo ili pakatikati, chifukwa sayansi ya plasma yake ndi yodziwika ndipo chatsopano ndi maginito, amene ali ndi msika wina ngakhale fusion itachedwa. Njira yachisanu ndi ya munthu amene angataye ndalamazo osagona ndi njala. Kampani iliyonse aifunse mafunso atatu: tritium woyambira adzamutenga kuti, khoma lidzasinthidwa pakapita nthawi yaitali bwanji, ndipo mphamvu imene akuitchula yayezedwa pa plasma kapena pa mita ya nyumba yonse.

Kwa mlembi amene akumanga dziko la 2070, chithunzi chokhulupirika si cha kabokosi kowala pansi pa nyumba iliyonse. Ndi cha malo akuluakulu ochepa, m'mphepete mwa nyanja kapena pamene panali makina a malasha, okhala ndi nsanja zoziziritsira madzi, nyumba yosefera tritium yolonderedwa usiku ndi usana, ndi mosungira zitsulo zakale zodikira zaka pafupifupi 100 kuti cheza chake chitsike. Magetsi ake sadzakhala aulere, pakuti ngakhale deuterium ndi wotsika mtengo, ngongole yomangira makina idzalipidwa ndi ogula. Maiko adzakangana pa lithium-6, pa tritium woyatsira makina atsopano ndi pa akatswiri odziwa kukonza. Ngati nkhaniyo ikufuna mzinda woyaka mosadukiza kwa zaka, stellarator ndiyo yoyenera. Ngati ikufuna chombo chopita kutali m'mlengalenga, njira ya laser kapena ya helium-3 ndiyo imagwirizana ndi zimene akatswiri akhala akuganizira.

Mwana wa mchemwali wanga ndidamuyankha kuti asasankhe makina, asankhe vuto limene makina ambiri ali nalo. Amene adzadziwe za zitsulo zopirira manyutroni, za kusefa ndi kusunga tritium, za maginito ozizira kapena za maloboti ogwira ntchito kumene munthu sangalowe adzafunidwa ku Cadarache, ku Greifswald, ku Hefei ndi ku Devens mofanana. Popeza iye ndi wa zamagetsi, ndidamulozera ku maginito ndi ku zida zoyendetsera nyesi yaikulu, chifukwa luso lomwelo ndi limene limasamalira makina a MRI ojambula m'kati mwa thupi m'zipatala ndi malo olandirira magetsi ochokera kunja ngati a ku Phombeya. Panopa akulemba makalata ofunsira malo ku masukulu awiri amene amaphunzitsa zimenezi.